Diego Garcia

Diego Garcia ndi chilumba cha m'nyanja ya mchere ya Indian Ocean, ndipo ndicho chachikulu pa zilumba zonse za Chagos. Chili chakum'mwera pang'ono kwa ikweta, kutali kwambiri ndi mtunda wina uliwonse waukulu. Chilumbachi chinapangika ndi miyala ya korali, ndipo mtunda wake ndi wopyapyala, wozungulira dziwe lalikulu la madzi amchere. M'chaka cha 1965 dziko la Britain linachiika m'dera latsopano lotchedwa British Indian Ocean Territory, ndipo kuyambira mu 1971 pachilumbachi pali malo a asilikali a dziko la United States, omwe ali ndi bwalo la ndege komanso doko la sitima zankhondo.

Chilumbachi chimatchuka pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ndege ndi sitima zochokera pamenepa zagwiritsidwa ntchito pa nkhondo zingapo za ku Middle East ndi ku Afghanistan. Chachiwiri, anthu omwe ankakhala pa zilumba za Chagos anasamutsidwa mokakamizidwa pakati pa 1968 ndi 1973 kuti malo a asilikaliwa amangidwe, ndipo saloledwa kubwerera kukakhala pa Diego Garcia. Dziko la Mauritius lakhala likunena kuti zilumbazi ndi zake, ndipo pa 22 Meyi 2025 linasainirana pangano ndi Britain lokhudza umwini wa zilumbazi.

Komwe chili

Diego Garcia chili pa madigiri 7 kum'mwera kwa ikweta ndi madigiri 72 kum'mawa, kumapeto a kum'mwera kwa zilumba za Chagos. Kuchokera pachilumbachi kukafika kunsonga ya kum'mwera kwa India pali mtunda wa makilomita pafupifupi 1,800, kukafika kugombe la Tanzania pali makilomita pafupifupi 3,500, ndipo kukafika kugombe la kumadzulo kwa Australia pali makilomita oposa 4,700. Chilumba cha Mauritius chili pa mtunda wa makilomita oposa 2,000 kum'mwera chakumadzulo. Dziko loyandikana nacho kwambiri ndi Maldives, lomwe lili chakumpoto.

Zilumba za Chagos zilipo zoposa 55, koma zambiri ndi zazing'ono zedi, moti Diego Garcia payekha ndi pafupifupi theka la mtunda wonse wa zilumbazi. Magulu ena odziwika ndi Peros Banhos, Salomon ndi Egmont. Zonsezi zili pamwamba pa mtandadza wa mapiri a pansi pa nyanja wotchedwa Chagos-Laccadive Ridge, womwe wanyamulanso zilumba za Maldives ndi za Lakshadweep. Pakati pa zilumba za Chagos pali Great Chagos Bank, chigulu chachikulu kwambiri cha miyala ya korali chomwe mbali yake yaikulu ili pansi pa madzi.

Maonekedwe ndi mmene chinapangikira

Chilumba cha mtundu uwu chimatchedwa atolo, mawu omwe anachokera ku chiyankhulo cha anthu a ku Maldives. Atolo amayamba ngati phiri lophulika lomwe latumphuka m'nyanja. Tizilombo ting'onoting'ono ta korali timamanga zigoba zathanthwe m'madzi osaya ozungulira phirilo. Pakapita zaka mamiliyoni ambiri phirilo limamira pang'onopang'ono, koma korali amapitiriza kukulira m'mwamba kutsata kuwala kwa dzuwa. Pomaliza phirilo limasoweratu, n'kutsala mkombero wa miyala ndi mchenga wokhala ndi dziwe pakati. Wasayansi wa ku England, Charles Darwin, ndiye anafotokoza zimenezi m'buku lomwe anasindikiza mu 1842.

Mtunda wa Diego Garcia ndi waukulu pafupifupi masikweya kilomita 30. Ukauona uli m'mwamba umaoneka ngati chilembo cha V chokhotakhota, kapena ngati m'mphepete mwa chidindo cha phazi la munthu pamchenga. Munthu woyenda kuchokera kunsonga ina kukafika ku inzake angayende makilomita oposa 60, koma m'mimba mwake mtundawu ndi wochepa: m'malo ambiri ndi mamita mazana ochepa chabe, ndipo pomwe watambalala kwambiri ndi makilomita pafupifupi 2.4. Pachilumbachi palibe phiri kapena mtsinje. Malo ambiri ndi okwera mita imodzi kapena awiri kuchokera pamadzi, ndipo milu ya mchenga ya kumbali ya nyanja yaikulu ndiyo imafika mamita pafupifupi 9.

Dziwe la pakati ndi lotalika makilomita pafupifupi 21, ndipo potambalala kwambiri ndi makilomita 11. M'malo ena kuya kwake kumapitirira mamita 20. Mtunda walizinga pafupifupi mbali zonse, kupatula chakumpoto komwe kuli khomo lolowera sitima. Pakhomopo pali tizilumba titatu totchedwa West Island, Middle Island ndi East Island. Popeza mafunde aakulu salowa m'dziwemu, sitima zikuluzikulu zimatha kuima mosavuta, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zinakopa asilikali.

Nyengo ndi madzi

Pachilumbachi pamatentha ndiponso pamakhala chinyezi chaka chonse. Masana kutentha kumafika madigiri 30 pa sikelo ya Celsius, ndipo usiku kumangotsika pang'ono. Mvula imagwa yambiri, pafupifupi mamilimita 2,600 pachaka. Miyezi ya mvula yochuluka ndi ya kumapeto ndi kumayambiriro kwa chaka, pomwe pakati pa chaka kumaomba mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ndipo mvula imachepako. Anamondwe amphamvu safika kawirikawiri chifukwa chilumbachi chayandikira ikweta.

Ngakhale palibe mtsinje, madzi akumwa amapezeka pansi pa nthaka. Madzi a mvula amalowa mumchenga n'kukayandama pamwamba pa madzi amchere, chifukwa ndi opepukirapo. Anthu akale ankakumba zitsime zosaya n'kutunga madziwa, ndipo asilikali nawonso amawapopa. Madzi oterewa sachedwa kuwonongeka: akapopedwa mopyola muyeso amasakanikirana ndi amchere, ndipo mafuta akatayika pansi amawafikira msanga.

Dera la Chagos limachita zivomezi. Pa 30 Novembala 1983 kunachitika chivomezi champhamvu chomwe chinawononga nyumba ndi doko pachilumbachi. Mafunde a tsunami a mu Disembala 2004, omwe anapha anthu ambiri m'mayiko ozungulira nyanjayi, sanawononge kwambiri pa Diego Garcia. Chiopsezo chachikulu cha nthawi yaitali ndi kukwera kwa madzi a m'nyanja, popeza mtunda wake ndi wotsika ndipo magombe ena akukokoloka.

Zomera ndi nyama

Mitengo yochuluka pachilumbachi ndi ya kokonati, yomwe inafalikira kuchokera m'minda yakale. M'mphepete mwa nyanja muli zitsamba zopirira mchere zomwe zimagwira mchenga kuti usakokoloke, ndipo m'malo ena mwatsala nkhalango za mitengo ikuluikulu yachilengedwe.

Nyama yodziwika kwambiri ndi nkhanu ya kokonati. Iyi ndi nkhanu yaikulu kuposa zonse zokhala pamtunda, imakwera mitengo ndipo imatha kuswa kokonati ndi zibano zake. Akamba a m'nyanja a mitundu iwiri amaikira mazira m'magombe, ndipo ana awo amakulira m'madzi osaya a kum'mwera kwa dziwe, pamalo otchedwa Turtle Cove. Mbalame za m'nyanja zimamanga zisa zambiri kunsonga ya kum'mawa, cha ku Barton Point, ndi pa tizilumba ta pakhomo paja. M'madzi muli nsomba zamitundumitundu, mashaki ndi korali wochuluka.

Pali nyama zina zomwe zinabwera ndi anthu. Abulu omwe ankagwira ntchito m'minda ya kokonati anasiyidwa eni ake atachotsedwa, ndipo zidzukulu zawo zimangoyendayenda m'tchire. Makoswe, omwe anabwera ndi sitima, amadya mazira ndi anapiye a mbalame.

Mu 2001 mbali ina ya chilumbachi inalembedwa m'kaundula wa madambo otetezedwa wa pangano la Ramsar. Komabe korali wa ku Chagos anafa wambiri mu 1998 komanso mu 2015 ndi 2016, pamene madzi a m'nyanja anatentha kuposa nthawi zonse. Madzi akatentha chotere korali amataya tizomera tomwe timamupatsa chakudya ndi mtundu, amayera, ndipo kutenthako kukapitirira amafa.

Mbiri yakale

Amalinyero a ku Portugal ndiwo anali Azungu oyamba kuona zilumbazi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ndipo dzina loti Diego Garcia linachokera pa mapu a amalinyero a nthawi zimenezo. Kwa zaka zoposa 200 panalibe mudzi wokhazikika. Mu 1786 kampani ya East India Company ya ku Britain inayesa kukhazikitsa malo ake pachilumbachi, koma inachokapo posakhalitsa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, Afalansa ochokera ku Mauritius, komwe nthawiyo kunkatchedwa Isle de France, anatsegula minda ya kokonati. Ogwira ntchito m'mindamo anali akapolo ogwidwa ku Madagascar ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa, makamaka ku Mozambique. Ntchito yawo inali kutola kokonati, kumusenda, kuumitsa mnofu wake ndi kuyenga mafuta omwe ankatumizidwa ku Mauritius. Pa pangano la ku Paris la mu 1814, dziko la France linapereka Mauritius pamodzi ndi zilumba za Chagos kwa Britain. Ukapolo unathetsedwa mu 1835, ndipo pambuyo pake kunabweranso antchito ena ochokera ku India.

Mwa anthu amenewa munatuluka mtundu wa anthu a ku Chagos, omwe ankatchedwanso Ilois, kutanthauza anthu a pazilumba. Anali ndi chiyankhulo chawo cha Chikiliyo chochokera ku Chifalansa, magule awo a sega, ndi zakudya zawo zophikira madzi ofinyidwa ku kokonati. Ambiri anali Akatolika. Ankalandira malipiro ochepa pamodzi ndi chakudya monga mpunga, ndipo ankawedza nsomba, kuweta nkhuku ndi nkhumba, komanso kulima timadimba. Midzi ikuluikulu ya pa Diego Garcia inali East Point, Minni Minni ndi Pointe Marianne. Ku East Point kudakali nyumba ya mkulu wa minda, tchalitchi ndi manda.

M'zaka za m'ma 1880 chilumbachi chinakhalapo malo omwe sitima zoyendera nthunzi zinkatengera malasha. Mu Okutobala 1914 sitima yankhondo ya ku Germany yotchedwa Emden inaima m'dziwemu, ndipo anthu anailandira bwino chifukwa uthenga woti nkhondo yayamba unali usanawafike. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mu 1942, asilikali a Britain anaika ku East Point ndege zotera pamadzi zofufuza sitima za adani. Zotsalira za imodzi mwa ndegezo, ya mtundu wa Catalina, zikuonekabe pagombe.

Kuchotsedwa kwa anthu

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, dziko la United States linkafuna chilumba chakutali cha anthu ochepa mu Indian Ocean choti liikepo asilikali. Linkaona kuti mayiko ambiri akulandira ufulu ndipo angathe kukana malo a asilikali akunja, pomwe Britain inali kuchepetsa magulu ake ankhondo m'chigawochi. Chilumba cha Aldabra chinaganiziridwanso, koma asayansi anatsutsa kwambiri pofuna kuteteza akamba akuluakulu a kumeneko.

Mu Seputembala 1965, pa zokambirana za ufulu wa Mauritius ku Lancaster House mu London, atsogoleri a Mauritius motsogozedwa ndi Seewoosagur Ramgoolam anavomera kuti zilumba za Chagos zipatulidwe, ndipo Britain inapereka mapaundi 3 miliyoni. Pa 8 Novembala 1965 dera la British Indian Ocean Territory linakhazikitsidwa. Mwezi wotsatira, msonkhano waukulu wa United Nations unachenjeza Britain kuti isagawe dziko la Mauritius. Pa 30 Disembala 1966, Britain ndi United States anagwirizana kuti zilumbazi zigwiritsidwe ntchito pa chitetezo kwa zaka 50, ndi mwayi wowonjezera zaka 20. Mobisa, United States inachotsera Britain madola 14 miliyoni pa mtengo wa zida za Polaris. Mauritius inalandira ufulu pa 12 Malichi 1968 popanda zilumba za Chagos.

Boma la Britain linagula minda yonse ya kokonati mu 1967. Akuluakulu ake ankanena kuti anthu a pazilumbazi ndi antchito aganyu chabe ochokera ku Mauritius ndi Seychelles, ngakhale mabanja ambiri anali atakhalako mibadwo ingapo. Makalata a boma omwe anaululika pambuyo pake anaonetsa kuti cholinga chinali kupewa udindo wofotokoza za anthuwa ku United Nations.

Kusamutsaku kunachitika pang'onopang'ono. Poyamba, anthu omwe apita ku Mauritius kukalandira chithandizo cha mankhwala kapena kukacheza ankakanizidwa kukwera sitima yobwerera. Kenako katundu ndi chakudya zobwera pazilumbazi zinachepetsedwa. Mu 1971 kunakhazikitsidwa lamulo loletsa munthu kukhala m'derali popanda chilolezo, agalu a anthu anaphedwa ndi utsi, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anthu omaliza anachotsedwa pa Diego Garcia. Ena anapititsidwa kaye ku Peros Banhos ndi Salomon, koma pofika mu 1973 kumenekonso anachotsedwa. Onse pamodzi analipo pakati pa 1,500 ndi 2,000.

Ambiri anatsitsidwa padoko la Port Louis ku Mauritius, ena ku Seychelles, opanda nyumba ngakhale ntchito. Anakakhala m'makomboni osauka, ndipo ambiri anavutika ndi njala ndi matenda. Iwo ali ndi mawu akuti sagren, onena za chisoni chachikulu cholakalaka kwawo. Mu 1972 Britain inapereka mapaundi 650,000 ku boma la Mauritius, koma ndalamazi zinafika kwa anthuwo patapita zaka zoposa zisanu. Amayi a ku Chagos, monga Lisette Talate ndi Charlesia Alexis, anatsogolera zionetsero ndi kunyanyala chakudya, ndipo mu 1982 Britain inawonjezera mapaundi 4 miliyoni ngati chipukuta misozi.

Ntchito za asilikali

Asilikali omanga a gulu lankhondo la pamadzi la United States, otchedwa Seabees, anafika mu Malichi 1971. Anayamba ndi msewu waufupi wotera ndege ndi siteshoni ya mauthenga, yomwe inatsegulidwa mu 1973. Mu 1977 malowa anakwezedwa kukhala othandizira sitima zankhondo, pa dzina loti Naval Support Facility Diego Garcia. Boma la Shah litagwa ku Iran ndiponso asilikali a Soviet Union atalowa mu Afghanistan mu 1979, United States inakuza malowa kwambiri, ndipo ntchitoyo inatha mu 1986.

Zomangidwa zambiri zili kudzanja la kumadzulo kwa chilumbachi. Msewu wotera ndege ndi wotalika makilomita oposa 3.6, moti ndege zolemera zoponya mabomba ndi zonyamula katundu zimatha kutera. Pali matanki akuluakulu a mafuta, nyumba zosungira zida, ndi doko lomwe sitima zonyamula ndege ndi sitima zoyenda pansi pa madzi zimatha kukocheza. Mbali ina ya dziwe inakumbidwa kuti ikhale yakuya. M'dziwemo mumakhala sitima zonyamula katundu zodzaza kale ndi akasinja, magalimoto, zipolopolo, chakudya ndi mafuta, zomwe zimangodikira kutumizidwa komwe kwabuka nkhondo. Asilikali amapita pandege n'kukakumana ndi katundu wawo padoko.

Njira imeneyi inagwiritsidwa ntchito mu Ogasiti 1990, Iraq italanda Kuwait, pamene sitima zochokera ku Diego Garcia zinafika ku Saudi Arabia m'masiku ochepa. Mu 1991 ndege za B-52 zinkanyamuka pachilumbachi kukaponya mabomba pa asilikali a Iraq. Kuyambira pa 7 Okutobala 2001, ndege za B-52 ndi B-1 zinaukira Afghanistan kuchokera pomwepa, ndipo ndege za B-2 zomwe zinanyamuka ku Missouri zinkatera pano zikatha kuponya mabomba. Mu Disembala 2001 ndege imodzi ya B-1 inagwera m'nyanja chakumpoto kwa chilumbachi, koma onse omwe analimo anapulumutsidwa. Malowa anagwiranso ntchito pa nkhondo ya ku Iraq ya mu 2003. Mu 2025 zithunzi za masetilaiti zinaonetsa ndege za B-2 zisanu ndi imodzi pabwaloli, nthawi yomwe United States inkaukira gulu la Houthi ku Yemen.

Chilumbachi chimathandizanso pa ntchito za mlengalenga. Pali siteshoni imodzi mwa zomwe zimalondola ndi kutumiza mauthenga ku masetilaiti a GPS, komanso makina oonera kutali omwe amatsata masetilaiti ndi zidutswa zoyandama mlengalenga. Pansi pa nyanja pafupi ndi chilumbachi pali zipangizo zomvera phokoso, za bungwe loona za kuletsa kuyesa mabomba a nyukiliya.

Kufunika kwa malowa kwagona pa zinthu zitatu. Ali pakatikati pa nyanja, moti ndege zimatha kufika ku Persian Gulf, kum'mawa kwa Africa ndi kum'mwera kwa Asia. Ali kutali ndi adani ambiri. Komanso palibe mbadwa kapena nyumba ya malamulo ya pamalopo yomwe ingatsutse zochitikazo, chinthu chomwe chinatheka chifukwa cha kusamutsidwa kwa anthu kuja.

Malowa akhala akudzudzulidwa kuyambira pachiyambi. Msonkhano wa mayiko osatenga mbali womwe unachitikira ku Lusaka mu Seputembala 1970 unapempha kuti Indian Ocean ikhale chigawo cha mtendere chopanda malo a asilikali a mayiko amphamvu, ndipo United Nations inavomereza mfundoyi mu 1971. Pangano la Pelindaba, loletsa zida za nyukiliya mu Africa, linasainidwa mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009, koma Britain ndi United States ananena kuti silikhudza Diego Garcia. Mu Febuluwale 2008, nduna ya za kunja ya Britain, David Miliband, inavomera m'nyumba ya malamulo kuti mu 2002 ndege ziwiri za United States zonyamula akaidi mobisa zinatera pachilumbachi kudzamwetsa mafuta, ngakhale boma linali litakana zimenezi kwa zaka zingapo.

Ulamuliro ndi moyo wa pachilumba

Dera la British Indian Ocean Territory limayendetsedwa ndi kamishonala yemwe amakhala ku London. Pachilumbapo amamuimira ndi mkulu wa asilikali a pamadzi a Britain, yemwe amathandizidwa ndi kagulu kochepa koona za upolisi, zolowa ndi zotuluka. Anthu ambiri okhalapo ndi asilikali a United States ndi antchito a makampani, makamaka ochokera ku Philippines ndi Mauritius, omwe amaphika, kuyeretsa, kumanga ndi kukonza makina. Onse amakhala kwa kanthawi, ndipo saloledwa kubwera ndi mabanja. Ndalama yomwe imagwiritsidwa ntchito ndi dola ya ku America. Alendo ongofuna kudzaona malo saloledwa. Zilembo za .io za ma adiresi a pa intaneti zinaperekedwa ku dera limeneli.

Mu Okutobala 2021, gulu la Atamil ochokera ku Sri Lanka linafikitsidwa pachilumbachi boti lawo litawonongeka panyanja, ndipo linapempha chitetezo. Anthuwa anasungidwa m'matenti mu mpanda kwa zaka zitatu. Mu Disembala 2024 ambiri anapititsidwa ku Britain, ndipo khoti la derali linagamula kuti anasungidwa mosatsata malamulo.

Milandu ndi mkangano wa umwini

Anthu a ku Chagos akhala akumenyera ufulu wobwerera kwawo m'makhoti. Mu 2000 khoti lalikulu ku London linagamula, pa mlandu wa Olivier Bancoult, mtsogoleri wa Chagos Refugees Group, kuti lamulo lowathamangitsa linali losavomerezeka. Mu 2004 boma linabwezeretsa chiletsocho pogwiritsa ntchito mphamvu za ufumu, osadzera m'nyumba ya malamulo. Anthuwa anapambananso mu 2006 ndi 2007, koma mu 2008 oweruza a House of Lords anagamula mokomera boma, atatu motsutsana ndi awiri. Lamulo la mu 2002 linapatsa ambiri mwa iwo unzika wa Britain, ndipo ochuluka anakakhala m'tauni ya Crawley. Mu 2006 gulu la anthu pafupifupi 100 linaloledwa kukaona zilumbazi kwa masiku ochepa ndi kukalambula manda a makolo awo. Mu 2016 Britain inakana kuti anthuwa abwerere kukakhazikika, ndipo mgwirizano wake ndi United States unawonjezeredwa kufikira 2036.

Pa nkhani ya umwini, bungwe la Organisation of African Unity linapempha mu 1980 kuti Diego Garcia ibwezedwe ku Mauritius. Mu 2010 Britain inalengeza kuti nyanja yozungulira Chagos, yokwana masikweya kilomita pafupifupi 640,000, ndi malo otetezedwa osaloledwa kuwedza nsomba zamalonda. Mauritius inasumira, ndipo mu 2015 bwalo la mayiko linapeza kuti Britain inaphwanya pangano la malamulo a panyanja chifukwa sinalemekeze ufulu wa Mauritius.

Mu 2017 msonkhano waukulu wa United Nations unatumiza nkhaniyi ku International Court of Justice. Pa 25 Febuluwale 2019 khotili linapereka uphungu wake, oweruza 13 motsutsana ndi mmodzi, woti kupatulidwa kwa zilumbazi sikunachitike mwa kufuna kwenikweni kwa anthu, ndipo Britain iyenera kusiya kuzilamulira mwamsanga. Mu Meyi chaka chomwecho mayiko 116 anavotera kuti Britain ichoke m'miyezi isanu ndi umodzi, mayiko 6 anakana, ndipo 56 sanatenge mbali. Britain sinatsatire, ponena kuti uphungu wa khotilo si chigamulo chokakamiza.

Zokambirana za mayiko awiriwa zinayamba mu Novembala 2022. Pa 3 Okutobala 2024 analengeza kuti agwirizana, ndipo pa 22 Meyi 2025 nduna zazikulu Keir Starmer ndi Navin Ramgoolam zinasaina panganolo. Malinga ndi panganoli, Mauritius ndiye mwini wa zilumba zonse za Chagos, koma Britain ipitiriza kuyendetsa malo a asilikali a pa Diego Garcia kwa zaka 99, ikulipira mapaundi pafupifupi 101 miliyoni pachaka powerengera zaka zonsezo. Mulinso thumba la mapaundi 40 miliyoni lothandizira anthu a ku Chagos. Panganoli linalembedwa kuti lidzayamba kugwira ntchito mayiko onse awiri akamaliza kulivomereza motsatira malamulo awo.

Anthu a ku Chagos sanalilandire mofanana. Ena, makamaka a ku Mauritius, analiona ngati khomo lobwererera kwawo. Ena, makamaka a ku Britain, anadandaula kuti sanafunsidwe maganizo pa zokambiranazo. Panganoli limalola Mauritius kukhazikitsanso anthu pa zilumba zina monga Peros Banhos ndi Salomon, koma osati pa Diego Garcia, pomwe ambiri mwa osamutsidwawo anabadwira.